Za Mau Achilendo a m'Mabuku a Tchesi

Mwezi uno tifuna kucheza nanu za nkhani imene ena adzaiyesa yachibwana, koma yalowa kale m'nyumba zambiri za akristu muno m'dziko la Ntcheu, ndipo m'nyumba zina yautsa mkangano pakati pa atate ndi ana ao. Lamulungu lina, Misa itatha, bambo wina wochokera ku midzi ya kumapiri adatiimitsa panja pa tchalitchi, natulutsa m'thumba kope la mwana wake. M'kopemo mudali mizere ya zilembo zosanganiza ndi manambala, monga Nf3, Bb5 ndi Qxf7, pamodzi ndi timitanda ndi zizindikiro zina. Ndipo m'mphepete mwanayo adalembamo mau a Chingerezi amene bamboyo sadathe kuwamasulira, ngakhale kuti sukulu adaphunzira ndithu. Nkhawa idamgwira, pakuti adayesa kuti mwana wake walowa m'gulu la otchova juga, ndi kuti manambalawo ndi ngongole zake. Adali atamlanda kale thabwa losewerera, namletsa kucheza ndi anzake.

Tidakhala naye pa mthunzi, tidaliwerenga kopelo mzere ndi mzere, ndipo tidapeza kuti mwanayo adangolemba masewera a tchesi amene adasewera ndi mnzake kusukulu, kuti akafika kunyumba akaone pamene adalakwa. Bamboyo adabwerera kwao mtima utakhala pansi, koma ndi manyazi pang'ono, pakuti adalanga mwana wosachimwa. Popeza tidziwa kuti sali yekha, taganiza zolemba mauwa ndi matanthauzo ake, kuti makolo adziwe zimene ana ao awerenga, ndi kuti anawo, amene ambiri adziwa kusuntha ankhondo pa thabwa koma alephera kutsata buku, apeze chithandizo. Paja akulu adati safunsa adadya phula.

Mau oyenda ulendo wautali

Poyamba tinene kuti mau achilendo si chinthu choopsa. Pamene ansembe a chipani cha Montfort adafika ku Nzama m'chaka cha 1901, makolo athu adayamba kumva mau akuti Misa ndi Sakramenti, amene ali a Chilatini, Ukaristia ndi Eklezia a Chigriki, Amen ndi Aleluya a Chihebri. Lero ngakhale agogo osadziwa kulemba dzina lao awatchula osaphunthwa, nadziwa chimene atanthauza. Dzina la bawo, masewera a madoda pa mthunzi wa kachere, lidachokera ku Chiswahili, m'mene liu lakuti bao litanthauza thabwa. Ndipo mau akuti kutakata ndi mtaji adabwera pamodzi ndi masewerawo kuchokera kugombe la nyanja yamchere. Sitidamvepo munthu amene adaleka bawo chifukwa cha mauwo.

Tchesi nayenso ndi mlendo wochokera kutali. Masewerawa adayambira ku India pafupi ndi chaka cha 600, ndipo adatchedwa chaturanga, ndiko kunena magulu anai a nkhondo: oyenda pansi, okwera pa akavalo, okwera pa njobvu, ndi oyenda pa magareta. Kuchokera ku India adafika ku Persia. Aluya atagonjetsa dzikolo adawaphunzira, nawatcha shatranj, napita nao kumpoto kwa Africa mpaka ku Spain ndi ku Sicily, ndipo kuchokera kumeneko adawanda ku Ulaya konse. Mtundu uli wonse udasiyamo liu lake. Chifukwa chake Chingerezi cha m'mabuku a tchesi chifanana ndi msika wa ku Lizulu, kumene katundu wa ku Malawi ndi wa ku Mozambique agulitsidwa pa mseu umodzi: mau ena ndi a Chiperisiya, ena a Chifalansa, Chijeremani kapena Chitaliyana, ndipo Mngerezi yemwe ayenera kuwaphunzira monga ife. Malamulo amene onse atsata lero asungidwa ndi bungwe la FIDE, limene lidakhazikitsidwa ku Paris m'chaka cha 1924. Kwathu kuno masewerawa ayang'aniridwa ndi bungwe la Chess Association of Malawi.

Thabwa ndi ankhondo ake

Thabwa alitcha board, ndipo lili ndi zipinda 64, zoyera ndi zakuda mosinthana. Chipinda chimodzi ndicho square. Ankhondo onse alipo 32, mbali ili yonse 16. Wodziwa bawo sadzaiwala manambalawa, pakuti angotembenuzika: pa bawo maenje ndi 32, njere 64. Mbali ziwirizo azitcha White ndi Black potsata mtundu wa ankhondo, osati khungu la osewera, ndipo White ndiye ayamba nthawi zonse. Mzere wa zipinda wochokera kwa inu kunka kwa mnzanu ndi file. Mzere wopingasa, wochokera kumanzere kunka kumanja, ndi rank. Njira yopendeka, yodutsa pa ngodya za zipinda za mtundu umodzi, ndi diagonal. Poika thabwa, chipinda cha pangodya ya kudzanja lanu lamanja chikhale choyera.

King ndiyo mfumu. Iyenda chipinda chimodzi chokha kumbali ili yonse, ndipo nkhondo yonse ndi yofuna kuigwira. Queen ndiyo mfumukazi, yamphamvu koposa onse, yoyenda molunjika ndi mopendeka kutalika kuli konse ngati njira ili yotseguka. Kale kwa Aperisiya ndi Aluya pamalo pake padali nduna ya mfumu, monga nduna zokhala pafupi ndi Inkosi Gomani pa bwalo, ndipo idangoyenda chipinda chimodzi mopendeka. Azungu ndiwo adaisandutsa mfumukazi, ndipo mphamvu zimene ili nazo lero idazilandira ku Spain pafupi ndi chaka cha 1475.

Rook ndi liu lonyenga. Mwana akalifuna m'buku lomasulira mau adzapeza kuti rook ndi mbalame yonga khwangwala, nasokonezeka. La pa thabwali lidachokera ku liu la Chiperisiya lakuti rukh, ndilo gareta la nkhondo. Koma popeza amisiri a ku Ulaya amsema ngati nsanja ya linga, ena amutcha castle. Ayenda molunjika, m'tsogolo, m'mbuyo ndi m'mbali. Bishop ndiye episkopi, woyenda mopendeka, wosachoka pa mtundu wa chipinda chimene adayambira. Poyamba adali njobvu, ndipo a ku Spain amutchabe alfil, liu la chinenero cha Aluya lotanthauza njobvu. Anena kuti Angerezi poona nsonga ziwiri zoimira minyanga adaziyesa chisoti cha episkopi. Tsono mukamva mwana akuti wadya bishop, musakhumudwe, palibe chipongwe kwa Ambuye Episkopi.

Knight ndi msilikari waulemu wokwera pa kavalo, ndipo pa thabwa aoneka ngati mutu wa kavalo. Chilembo K choyambirira sichimveka potchula, atero naiti. Iye yekha ndiye alumpha anzake: apita zipinda ziwiri molunjika ndi chimodzi chambali. Pawn ndi msilikari woyenda pansi, ndipo alipo 8 mbali ili yonse. M'Chingerezi cha masiku onse liuli litanthauza kuika pinyolo, koma la pa thabwa ndi lina, lochokera ku Chifalansa chakale. Pawn apita m'tsogolo chipinda chimodzi, kapena ziwiri pa ulendo wake woyamba. Adya mopendeka, ndipo sabwerera m'mbuyo.

Mabuku awerengera mtengo wa ankhondo motere: pawn 1, knight 3, bishop 3, rook 5, queen 9, mfumu yokha ilibe mtengo. Ankhondo onse amene munthu ali nao, powawerengera mtengo, awatcha material. Chenjeraninso ndi liu lakuti piece: wolemba akati munthu wataya piece, kawirikawiri atanthauza knight kapena bishop, osati pawn.

Kuwerenga zilembo ndi manambala

Tsopano tifike pa zimene zidaopsa bambo uja. Mizere ya file ili ndi zilembo zazing'ono a, b, c, d, e, f, g, h, kuyambira kumanzere kwa White. Mizere ya rank ili ndi manambala 1 mpaka 8, kuyambira kumene akhala White. Chotero chipinda chili chonse chili ndi dzina lake, monga munthu adziwika ndi dzina lake ndi mfunda wake: e4 ndi pamene file e ikumana ndi rank 4. Ankhondo alembedwa ndi zilembo zazikulu: K mfumu, Q mfumukazi, R rook, B bishop, ndi N knight, popeza K yatengedwa kale ndi mfumu. Pawn alibe chilembo. Tsono Nf3 ndiko kunena kuti kavalo wapita ku f3, ndipo e4 wopanda chilembo chachikulu ndiko kuti pawn wapita ku e4. Kamtanda x ndi kudya, kumene Angerezi akutcha capture kapena take. Chizindikiro + chisonyeza kuti mfumu yaopsezedwa, ndipo # chisonyeza kuti yagwidwa ndi kuti nkhondo yatha. Kalembedwe kameneka akatcha algebraic notation; koma dzinalo lisakuopseni, masamu mulibemo ai.

Wolemba buku aonjezanso chiweruzo chake. Chizindikiro ! ndi kusuntha kwabwino, !! kwanzeru yopambana, ? kulakwa, ndipo ?? kulakwa kwakukulu, kumene akutcha blunder. Pamapeto 1-0 ndi kuti White wapambana, 0-1 kuti Black wapambana, ndipo ½-½ kuti afanana mphamvu. Tiyese kuwerenga masewera afupi amene agwetsa oyamba kumene ambiri, otchedwa Scholar's Mate, ndiko kunena msampha wa mwana wa sukulu:

1. e4 e5 2. Bc4 Nc6 3. Qh5 Nf6?? 4. Qxf7#

Nambala isonyeza ulendo. Kusuntha koyamba ndi kwa White, kwachiwiri kwa Black. Pa ulendo woyamba onse awiri atsogoza zipinda ziwiri pawn wa patsogolo pa mfumu. Pa wachiwiri White atulutsa bishop ku c4, kumene aloza chipinda cha f7, ndipo Black atulutsa kavalo ku c6. Pa wachitatu mfumukazi ya White ipita ku h5, nilozanso chipinda chomwecho. Black poona mfumukazi atulutsa kavalo wina ku f6 kuti aiopseze, osazindikira kuti f7 ili ndi mlonda mmodzi yekha, ndiyo mfumu. Mfumukazi idya pawn wa pa f7. Mfumu siingathe kuidya, pakuti bishop aiteteza, ndipo ilibe kothawira. Black akadatsogoza pawn ku g6, akadatseka njira ya mfumukazi napulumuka. Mwana wodziwa kuwerenga mzere umodzi umenewu sadzagwanso m'mbuna imeneyi.

M'masukulu mwathu mupezekanso mabuku akale amene abwenzi akunja adatumiza, ndipo m'menemo mudzaona P-K4 m'malo mwa e4, ndi Kt m'malo mwa N. Ndiko kalembedwe kakale ka Angerezi, kamene FIDE idaleka kubvomereza m'chaka cha 1981. P-K4 ndi kunena kuti pawn wapita ku chipinda chachinai cha mzere wa mfumu, ndipo mbali ili yonse iwerenga zipinda kuchokera kwao. Mabukuwo musawataye, nzeru zake zikadali zabwino.

Mau a kutha kwa nkhondo

Liu lakuti check lidachokera ku shah, ndiyo mfumu m'Chiperisiya. Litanthauza kuti mfumu ili pangozi, ndipo mwini ayenera kuipulumutsa pompo mwa njira imodzi ya zitatu: kuithawitsa, kutseka njira ya woopsezayo, kapena kumudya. Zitatuzi zikakanika, ndiyo checkmate, kapena mate mwachidule. Mate ameneyu si bwenzi monga m'Chingerezi wamba. Ndi liu la Chiperisiya lakuti mat, kunena kuti mfumu yathedwa nzeru. Onani kuti mfumu siidyedwa kapena kuchotsedwa pa thabwa; ikagwidwa nkhondo yatha, ndipo osewera agwirana chanza.

Stalemate ndi liu lodzetsa misozi. Nthawi yosuntha ndi ya mnzanu, mfumu yake siili mu check, koma alibe kusuntha kuli konse kololedwa, ngakhale ndi mfumuyo ngakhale ndi wankhondo wina. Pamenepo palibe wopambana. Ana ambiri, atatsala ndi mfumukazi pa mfumu yokhayokha ya mnzao, aipanikiza mothamanga osaisiyira popondera, nataya chipambano chimene chidali kale m'manja, kuthamanga sikufika. Kufanana mphamvu kotere ndi draw, liu limene pano silikhudza kujambula. Draw ibweranso osewera akapangana, ankhondo otsala akachepa kosakwanira kugwira mfumu, ankhondo onse akaima m'malo omwewo katatu, kapena pakapita maulendo 50 mbali ili yonse popanda kudya ndi popanda kusuntha pawn. Resign ndi kubvomera kugonja nkhondo isanathe, pamene munthu aona kuti palibenso chiyembekezo. Ndi ulemu, si mantha ai. Nkhondo yonse aigawa patatu, opening, middlegame ndi endgame, monga kubzala, kupalira ndi kukolola. Ndipo wobzala mosasamala sakolola zambiri.

Mau a misampha

Fork m'Chingerezi ndi foloko yodyera, koma ife tinganene mphanda, pakuti wankhondo mmodzi aopseza awiri nthawi imodzi. Kavalo wa White akaima pa c7, mfumu ya Black ili pa e8 ndi rook pa a8, mfumu iyenera kuthawa ndipo rook adyedwa. Pin ndi kukhomerera: wankhondo sangathe kuchoka pamalo pake chifukwa kumbuyo kwake kuli mfumu kapena wina wamtengo wapatali, angokhala ngati mbuzi yomangidwa pa chikhomo. Bishop wa White akakhala pa b5, kavalo wa Black pa c6, chipinda cha d7 chili chopanda kanthu ndi mfumu pa e8, kavaloyo saloledwa kusuntha konse. Skewer ndi kamtengo kosongoka kotungira nyama yootcha. Pamenepo wamkulu ndiye ali patsogolo, ndipo akathawa, wa kumbuyo kwake adyedwa. Discovered attack ndi pamene wankhondo achoka panjira, natsegulira mnzake amene adabisala kumbuyo kwake.

Sacrifice ndi liu limene akristu alidziwa bwino, ndilo nsembe: munthu apereka dala wankhondo wake kuti apeze chachikulu koposa. Gambit lidachokera ku liu la Chitaliyana lakuti gambetto, kupinga mnzako mwendo polimbana. Ndi kupereka pawn pachiyambi kuti ankhondo ako atuluke msanga. Chitsanzo chodziwika ndi Queen's Gambit, 1. d4 d5 2. c4. Wolandira mphatso yotere ayambe waganiza, pakuti ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Exchange ndi kusinthana ankhondo. Koma buku likati munthu wapambana the exchange, litanthauza chinthu chimodzi chokha, kuti wadya rook potaya knight kapena bishop. Zugzwang ndi Chijeremani, kukakamizidwa kusuntha. M'tchesi munthu saloledwa kudumphitsa nthawi yake. Tsono ifika nthawi imene kusuntha kuli konse kumuononga, ndipo akadakonda kungokhala, koma lamulo limkaniza.

Malamulo oyambanitsa abale

Pali malamulo anai amene ayambanitsa ana a mimba imodzi chifukwa chosawadziwa. Loyamba ndi castling, kubisa mfumu m'linga. Mfumu isuntha zipinda ziwiri kunka kwa rook, ndipo rook ailumpha naima pambali pake, zonsezi pa ulendo umodzi. Alemba 0-0 ikapita kumbali yaifupi, ndi 0-0-0 ikapita kumbali yaitali. Siziloledwa ngati mfumu kapena rookyo adasunthapo kale, ngati pali wankhondo pakati pao, ngati mfumu ili mu check, kapena ngati idutsa kapena kuima pa chipinda choopsezedwa.

Lachiwiri ndi en passant, mau a Chifalansa otanthauza podutsa. Pawn wa White akakhala pa e5, ndipo Black alumphitsa pawn wake kuchokera pa d7 kunka ku d5, White aloledwa kumudya ngati kuti adangoyenda chipinda chimodzi, naima pa d6. Koma achite pa ulendo wotsatira womwewo, akachedwa mwai watha. Lachitatu ndi promotion, kukwezedwa: pawn akafika ku mzere wotsiriza asanduka mfumukazi, rook, bishop kapena kavalo, monga mwini afuna, ngakhale mfumukazi yoyamba ikadalipo. Alemba e8=Q. Wamng'ono woposa onse akapirira mpaka kumapeto akhala wamkulu.

Lachinai ndi touch-move: wankhondo amene mwamgwira dala muyenera kumsuntha, ndipo mukamsiya pa chipinda simubweza. Wofuna kungoimika bwino wankhondo wopendekeka ayambe wanena kuti j'adoube, Chifalansa chotchulidwa zhadubu, kapena kuti I adjust, ndiko kunena ndikukonza. Lamuloli liphunzitsa mwana kuganiza dzanja lisanatambasuke, ndi kusakana chimene wachita ngakhale palibe mboni.

Kodi mkristu asewere tchesi?

Funso limeneli si latsopano mu Eklezia. Pafupi ndi chaka cha 1061 Peter Damian Woyera, kardinala, adalemba kalata yodzudzula episkopi wina amene adatha madzulo akusewera tchesi. Masiku amenewo ambiri ankasewera ndi maere ndi ndalama, nchifukwa chake atsogoleri ena adawaletsa. Koma pafupi ndi chaka cha 1300 Jacobus de Cessolis, wa chipani cha Dominiko Woyera, adalemba buku la ulaliki lofotokoza udindo wa mafumu, oweruza, alimi ndi amisiri mwa fanizo la ankhondo a pa thabwa, ndipo William Caxton adalisindikiza pakati pa mabuku oyamba kusindikizidwa m'Chingerezi. M'chaka cha 1561 wansembe wa ku Spain, Ruy López de Segura, adalemba buku la tchesi, ndipo chiyambi cha 1. e4 e5 2. Nf3 Nc6 3. Bb5 chitchedwa ndi dzina lake mpaka lero. Zilembo zija Nf3 ndi Bb5, zimene bambo uja adaziyesa ngongole za juga, zidali phunziro la wansembe ameneyu.

Teresa Woyera wa ku Ávila, amene adamwalira m'chaka cha 1582, pophunzitsa asisteri ake za pemphero adagwiritsa nchito fanizo la tchesi, nafanizira kudzichepetsa ndi mfumukazi, chifukwa ndiko kumene kugonjetsa mtima wa Mfumu ya kumwamba. William Lombardy wa ku America adapambana mpikisano wa achinyamata a dziko lonse m'chaka cha 1957, nadzozedwa unsembe m'chaka cha 1967, ndipo ndiye adathandiza Bobby Fischer pa mpikisano waukulu wa ku Reykjavik m'chaka cha 1972. Katekisimu wa Eklezia Katolika wa chaka cha 1992, pa nambala 2413, aphunzitsa kuti masewera a mwai ndi kubetcherana asanduka tchimo pamene alanda munthu zofunika pa moyo wake kapena wa anzake, ndi kuti chilakolako cha juga chingasandutse munthu kapolo. M'tchesi mulibe maere. Zonse zili poyera pamaso pa osewera awiri, ndipo wogonja alibe wina womnamizira. Choipa chilowa ndi ndalama zobetchera, ndi ulesi, ndi mkwiyo.

Tisaganizenso kuti awa ndi masewera a Azungu okha. Dzina laulemu loposa onse ndi grandmaster, limene FIDE idayamba kupereka m'chaka cha 1950. Wolilandira ayenera kufika pa rating ya 2500, ndiyo nambala yoyeza mphamvu ya wosewera potsata njira ya Arpad Elo. Amon Simutowe, wa m'dziko la Zambia, adalilandira m'chaka cha 2009, woyamba mwa anthu a kumwera kwa chipululu cha Sahara. Kwathu kuno Mai Susan Namangale, amene adakhalapo mtsogoleri wa bungwe la tchesi, adafikitsa masewerawa m'masukulu a kumidzi ndi m'ndende momwe, kutsimikiza kuti ana akazi naonso ali ndi malo pa thabwa.

Mau kwa makolo ndi ana

Inu ana, sungani masamba otsiriza a kope lanu, ndipo sabata ili yonse mulembemo mau asanu a tchesi ndi tanthauzo lake m'chinenero chathu. Chaka chikamatha mudzakhala ndi mau oposa 250, ndipo Chingerezi chanu cha m'kalasi chidzakula nao. Powerenga buku muziika thabwa patsogolo panu ndi kusuntha ankhondo ndi dzanja, pakuti maso okha anyenga. Lembani masewera anu onse, makamaka amene mwagonja. Wosowa thabwa adule katoni, alembepo zipinda 64, naumbe ankhondo ndi dothi kapena kuwasema ku mtengo wofewa. Mfumu ya dothi iyenda monga ya m'sitolo. Musasewere nthawi ya Misa, ya katekisimu, kapena pamene makolo ali kumunda wa mbatata akuyembekeza khasu lanu. Musaikepo ndalama, ngakhale tambala imodzi. Mukagonja perekani chanza, mukapambana musaseke mnzanu.

Inu makolo, mukaona zilembo zachilendo m'kope la mwana, yambani mwamfunsa musanatenge mkwapulo, ndipo akalephera kukufotokozerani bwino bwerani nalo kwa aphunzitsi tione pamodzi. Fufuzani amene asewera naye, ndi nthawi imene abwerera kunyumba, monga muchitira pa masewera ena onse. Ndipo madzulo nchito ikatha, mloleni mwana akuphunzitseni maina a ankhondo, inu mumphunzitse bawo. Bambo uja adambwezera mwana wake thabwa tsiku lomwelo, ndipo tamva kuti tsopano adziwa yekha kusiyanitsa checkmate ndi stalemate, ngakhale kuti kavalo amsokonezabe poyenda.

Mulungu, amene adapatsa munthu nzeru ndi nthawi yopumula, adalitse mabanja anu, ndipo Amai Maria asunge ana athu m'njira yokoma. Tsalani ndi mtendere wa Ambuye.